Tulo ta ku Japan pa Msewu wa ku Neno

Uthengawo ndinauwerenga m'mamawa ndili pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, poti kwathu ku Matandani foni imagwira bwino pamenepo basi. Unali waufupi: "Sindinamalize. Amayi musawauze."

Wotumiza anali mlongo wanga Malita. Kwa amayi tinabadwa awiri, ine Lameki woyamba, iye wotsiriza. Malita ndi wothamanga, ndipo sindikunena kuthamanga kwa pasukulu kolandira sopo ndi makope. Amathamanga makilomita 42 nthawi imodzi, mtunda umene ine ngakhale panjinga ndimayamba ndafunsa ngati kuli maliro. Amakhala ku Blantyre komwe amaphunzitsidwa, ndipo chaka chimenecho anasankhidwa kukapikisana ku Japan.

Nditatsika pachulupo ndinapeza amayi akundidikira pakhonde.

"Wati bwanji mwanayo?"

"Akuti zayenda bwino. Akupereka moni."

Bodza limenelo ndinalisenza masiku khumi. Amayi a kutchalitchi anayamba kuphunzira nyimbo zomulandirira, nkhuku ziwiri zinaweruzidwa kale, ndipo banja linagwirizana kuti ine ndipite ku Lilongwe kukamutenga ndege ikatera.

Kubwalo la ndege anatuluka atavala zovala za timu, masaya atalowa, maso ofiira ngati wakhala akuphika ndi nkhuni zaziwisi. Mlonda wa pakhomo atamutsegulira, Malita anaima n'kuweramitsa mutu mpaka pachifuwa. Mlondayo anacheuka kuti aone bwana amene akubwera kumbuyo kwake.

"Achemwali, masabata awiri okha mwayamba kupereka ulemu ndi mutu? Mawondo munawasiya kuti?" ndinamufunsa.

Sanaseke. Anangondipatsa chikwama.

Tinagona kwa azakhali ku Kawale. Malita anagona dzuwa lisanalowe, nsapato zili kumapazi, chakudya osachikhudza. Kutacha azakhali anapeza mapoto onse akuwala, bwalo losesedwa, ndi zovala zili pachingwe, kuphatikizapo zimene anali atachapa okha dzulo lake. Akuti anadzuka pakati pa usiku n'kusowa chochita.

"Mwanayu mundisiyire mwezi umodzi," anatero azakhali. "Matenda amenewa ndawakonda."

Tinafika kudepoti sikisi koloko itangokwana. Oitanira basi anatilumbirira kuti ya ku Blantyre yangotsala anthu awiri, ndipo anthu awiriwo ndi ife. Titalowa tinapeza mipando yambiri ikutiyang'ana. Ndisanadule matikiti Malita anandigwira dzanja.

"Achimwene, ine kumudzi sindifika. Inu mukatsike pa Zalewa, ine ndipitirira ku Blantyre."

"Nanga anthu akhala akuimba sabata yonseyi?"

"N'chifukwa chake. Ndikawauza chiyani? Kuti ndinakwera ndege zitatu kukakhala pansi m'mbali mwa msewu?"

Ndinaona kuti kukangana naye pamenepo n'kutaya malovu. Ndinadula matikiti awiri a pa Zalewa, n'kumulonjeza kuti tikafika pamenepo ndimufunsa, ndipo chimene anene ndi chomwecho.

Basi inadzadza cha m'ma naini. M'maola atatu amenewo munalowa mlaliki, ogulitsa machaja, ndi bambo wina wa mankhwala ochiritsa mano, msana ndi ukwati m'botolo limodzi. Malita sanagule chilichonse mwa izi, koma seveni isanakwane anali atamaliza tchipisi cha mazira awiri, nthochi zinayi, ndipo anali kufunsa ngati pali pogulitsa mpunga wa nyama.

"Kumeneko pano ndi masana," anatero poona mmene ndinkamuyang'anira. "Mimba yanga ikudziwa zimenezo."

Pawindo pafupi naye panakhala bambo wachikulire wa jekete lalikulu, chipewa chili kumaso. Chilowereni tinkaganiza kuti ali mtulo. Anakankha chipewacho ndi chala, namuyang'ana Malita kwa nthawi.

"Mwana iwe, umagwira ya usiku eti? Kuchipatala?"

"Ayi, bambo."

"Maso amenewo ndimawadziwa. Ndi athu, a ife alonda."

Anali a Zuze, mlonda wa pa sitolo ina mu Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo ankapita kwawo ku Luwani kutchuthi. Ndinawafotokozera kuti mlongo wangayu akuchokera ku Japan, dziko limene dzuwa limatuluka maola asanu ndi awiri ife tisanalione.

Mayi wina wa mpando wa kutsogolo, amene anali atakumbatira dengu la anapiye, anatembenuka.

"Ndiye kuti iwowo amafika mawa ife tili lero?"

"Pang'ono, mayi."

"Ndiye bwanji satiuza mtengo wa feteleza tisanadzuke? Anthu oipa mtima."

Apa Malita anaseka koyamba chitsikireni ndege. Basi ikutuluka mu mzinda, a Zuze anayamba kumufunsa, ndipo zimene sanandiuze ine mchimwene wake anauza mlonda amene anangokumana naye.

Anati chipinda chimene anamupatsa chinali chaching'ono ngati bafa ya kwathu, choyera mochititsa mantha, windo losatseguka. Anafika kutatsala masiku awiri kuti athamange, pamene anzake a maiko ena anali atakhalako masabata awiri, ena ndi dokotala wongoyang'anira za tulo. Usiku wa kumeneko thupi lake linkati ndi masana. Ankagona chagada kuwerenga timabowo ta kudenga, n'kumva sitima yomaliza ikudutsa, kenako yoyamba ya m'mawa. Tulo tikangoti tibwere, foni inkalira kuti adzuke. Mphunzitsi wawo ankati asagone masana, atsegule makatani, ayende padzuwa. Ankayendadi, koma ngati munthu woyenda m'madzi.

"Nanga anthu ake?" anafunsa mayi wa anapiye.

"Aulemu kwambiri. Koma masiku oyamba ndinkaganiza kuti akundimana chilichonse. Ukapempha madzi akuti hai. Ukafunsa njira akuti hai, hai, uku akumwetulira. Ine ndinkamva ngati akuti ayi. Kenako madzi aja n'kubwera. Kumeneko hai ndi inde."

"Akuti ayi koma akupereka?" anatero a Zuze. "Kuno timati inde koma osapereka. Bola kumeneko."

Pa Dedza kunazizira moti mawindo onse anatsekedwa, basi n'kuyamba kununkha anapiye. Pa Lizulu tinaima kuti anthu awiri atsike, koma tinakhalapo theka la ola chifukwa kondakitala anapita kukagula mbatata ya kachewere ndi kabichi za kunyumba kwake, ndipo tonse tinkamuonera pawindo akunenerera mtengo. Atabwera anthu anamukalipira, kenako n'kumufunsa kuti ndowa wagula zingati.

Titadutsa Ntcheu a Zuze anafunsa funso limene ine ndinkaliopa.

"Ndiye unakhala nambala chani?"

Malita anayang'ana chimanga chootcha chimene chinali m'manja mwake.

"Thupi langa linafika mochedwa, bambo. Ine ndinatera Lachisanu, n'kuthamanga Lamulungu. Kenako tinakhala masiku ena kudikira anzathu a masewera ena. Tsiku limene ndinagona bwino koyamba, n'kudzuka ndili munthu, linali lolongedza katundu. Thupi linafika ku Japan ine ndikunyamuka. Pano latsalira komweko."

A Zuze anagwedeza mutu, osafunsanso. Anabwezera chipewa kumaso.

Kuchokera pa Chingeni msewu umatsika kulowa kotentha. Pofika pa Phalula majekete onse anali atavulidwa kupatula la a Zuze. Malita anali kundiuza za chimbudzi cha kumeneko chokhala ndi mabatani ambiri kuposa wailesi, ndipo anafika pakuti "ndiye nditadina lachitatu," n'kuthera pomwepo. Mutu unagwera paphewa panga, chimanga chikadali m'manja. Za batani lachitatulo sindikudziwa mpaka lero.

Ndinamuonapo Malita akugona kuyambira ali khanda, koma tulo timeneti tinali tachilendo. Basi inagunda dzenje, anapiye analira, iye osagwedezeka.

"Zalewa! Otsika pa Zalewa!"

Ndinamugwedeza. Ndinamutchula dzina. Ndinamuwaza madzi a m'botolo kumaso. Anatsegula diso limodzi.

"Malita, tafika pa Zalewa. Ndinalonjeza kuti ndikufunsa. Ukupitirira ku Blantyre?"

Anaweramitsa mutu mwaulemu. "Hai," anatero, diso lija n'kutsekeka.

Ndinayang'ana a Zuze. A Zuze anayang'ana ine.

"Ine ndamva kuti ayi," anatero.

"Inenso," anatero mayi wa anapiye, amene nkhaniyo sinkamukhudza n'komwe.

Ndikuvomera kuti ndinkadziwa tanthauzo lake. Koma mungasiye bwanji mlongo wanu m'basi ali chikomokere chotero, chikwama chili ndi pasipoti? Tinamutsitsa ngati wodwala, ine dzanja ili a Zuze linalo, miyendo yake yotchuka ija ikukokera pansi. Amayi ogulitsa nsomba zokazinga pamsewu anatimvera chisoni. Wina anafunsa ngati tikupita naye kuchipatala ku Lisungwi.

"Ayi, wangotopa," ndinatero. "Wachokera kutali."

"Ku Joni?"

"Kupitirira."

"Kupitirira Joni kulinso malo?"

Minibasi ya ku Mwanza inali ya anthu anayi pampando wa anthu atatu, zimene zinatithandiza chifukwa Malita analibe kogwera. Tili m'njira a Zuze anandiyandikira kukhutu.

"Achimwene, ndikuuzeni kanthu. Chaka changa choyamba paulonda ndinatsala pang'ono kusiya mkazi wanga. Ndiwo zinkandiipira, ana ankandisokosa, ndinkaona ngati aliyense akundiseka. Ndinalongedza katundu kawiri. Kenako ndinadwala malungo, n'kugona masiku anayi otsatizana. Podzuka ndinapeza kuti mkazi ndi wabwinobwino, ndiwo n'zokoma. Munthu wosagona chilichonse amachiona ngati maliro. Mwanayu akanena zazikulu lero, musatsutse, musavomere. Mumuuze ayambe wagona sabata imodzi."

Anatsika pamphambano yolowera kwawo, jekete lili pathupi dzuwa likuswa mtengo, n'kutiimikira dzanja. Sindinawaonenso.

Pamphambano ya ku Neno tinapeza galimoto ya matola, kabokosi kakale kodzadza matumba a feteleza, malata anayi ndi anthu ochuluka kuposa malo. Tinamukhazika Malita pakati pa matumba. Phula litatha, galimoto n'kuyamba kudumpha, anadzuka. Anayang'ana mapiri, anayang'ana fumbi lofiira, anayang'ana ine.

"Kuno si ku Lunzu."

"Ayi."

"Achimwene, munalonjeza."

"Ndinakufunsa. Mboni zilipo. Unati ayi."

Nkhope yake inasintha.

"Ndinati hai."

"Ine Chijapani sindinaphunzire, mlongo wanga. Ndinalekezera fomu thu."

Anatembenukira kumbali, ndipo kwa makilomita angapo ndinkangoona msana wake. Ndinayamba kudzifunsa ngati ndachita bwino.

Tisanafike pa Ligowe tayala la kumbuyo linaphulika pachitunda. Dalaivala anatsitsa la sipeya, tonse n'kuona kuti nalonso ndi lophwa, mwina kuyambira chaka chatha. Anatitsimikizira kuti ndi nkhani ya mphindi zisanu, n'kukwera njinga yamoto yodutsa, tayala lili pamiyendo, kupita kukamatitsa pa Ligowe. Anthu odziwa msewuwu anayala zitenje pansi. Ena anayamba kusenda nzimbe.

Malita anakakhala yekha pansi pa mtengo wa mango, patali ndi anthu. Ndinadikira pang'ono, n'kupita kukakhala pambali pake. Dzuwa linali litapendeka.

"Miyendo inalibe vuto," anayamba yekha, osandiyang'ana. "Ndi zimene zikundiwawa. Ndikanathyoka mwendo bwenzi ndili ndi chonena. Tinayamba naini koloko m'mawa, thupi langa likuti ndi thu koloko usiku. Makilomita makumi awiri oyamba ndinali ndi gulu la kutsogolo. Kenako ndinayamba kuona ngati ndikulota. Anthu ali mbali zonse akukuwa, koma palibe liwu limodzi limene ndikulimva. Ndinadzifunsa kuti kodi ndili kuti, ndikuthamangira chiyani, ndani pano akundidziwa dzina. Funso limenelo mukangolilola kulowa pa makilomita makumi atatu, basi. Ndinangoona ndakhala pansi. Palibe anandikankha. Mayi wina wokalamba anabwera kudzandifunditsa bulangete, n'kundiweramira mutu ngati ndachita chinthu chaulemu. Pamenepo ndi pamene ndinalira."

Ndinathyola kaudzu n'kumakatafuna.

"Nditafika kuchipinda ndinakuimbirani kasanu ndi kawiri," anapitiriza. "Munati mukhala pachulu usiku wonse ndi foni. Ndinkangofuna kumva munthu akulankhula Chichewa, ngakhale kundikalipira. Inkaitana, osayankhidwa. Ndinaganiza kuti mwamva kale, mwakhumudwa."

Apa udzu uja unandiwawa m'kamwa. Kumudzi konse ndinali nditauza anthu kuti usiku umenewo ndinachezera pachulu kupempherera mlongo wanga, ndipo abusa ananditchula ndi dzina pa chitsanzo cha chikondi cha pa abale.

"Malita, pachulupo ndinapitadi. Ndinatenga bulangete, ndi tiyi m'botolo. Ndinapemphera ndithu, mwina mphindi khumi. Kenako ndinati nditsamire pang'ono."

Anatembenuka.

"Munagona?"

"Foni inali m'thumba la jekete, jekete ndinalitsamira. Anandidzutsa ndi mbuzi za a Kalonga zikundinunkhiza kumapazi, dzuwa litatuluka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Milomo inayamba kunjenjemera, ine osadziwa ngati kukubwera kulira kapena kutukwana. Kunabwera kuseka, kuseka kogwira pamimba, misozi ikutsika, mpaka anthu a nzimbe aja anacheuka.

"Ine masiku atatu kupempha Mulungu tulo pa bedi la masipiling'i, inu n'kutipeza pachulu! Ndiye kuti mapemphero anga ankafikira kwa inu!"

"Adilesi inasokonekera. Dzina la bambo ndi limodzi."

Kuseka kutatha anapukuta maso ndi kolala ya jekete la timu.

"Ndikusiya, achimwene. Ndili ndi zaka 27. Sadzandisankhanso. Ndipo akandisankha, ndidzakakhalanso m'kachipinda kaja ndekha, kumvera sitima."

Pakamwa panga panadzadza mawu otsutsa, koma ndinawameza.

"A Zuze anasiya uthenga wako. Akuti nkhani zazikulu uyambe wagona sabata imodzi."

"Mlonda uja?"

"Yemweyo. Akuti iwo anatsala pang'ono kusiya mkazi wabwinobwino."

Anatola kamwala n'kukaponya mumsewu.

"Sabata imodzi," anatero. "Koma za kusamaliza ndikanena ndekha lero lomwe. Sindingadye nkhuku za anthu ndi bodza."

Mphindi zisanu za dalaivala zinatha ola ndi theka. Tinadutsa pa Ligowe anthu akutseka maokala, n'kufika pa boma kuli chisisira. Kuchokera pamenepo tinakwera njinga zamoto ziwiri, ndipo ndinapempha woyendetsa ya Malita kuti azimulankhulitsa njira yonse angagwe. Ndinkawamva kutsogoloko akukambirana za batani la chimbudzi, koma mphepo inkandilanda mawu.

Tinkaganiza kuti tipeza anthu atabalalika, poti anayamba kudikira masana. Ena analidi atapita, koma pabwalo la amayi panali anthu oposa makumi awiri. Nyali ya njinga itangowaunika, nthungululu zinayamba, nyimbo ija n'kuimbidwa, dzina la Malita lili m'kati mwake. Anamukhazika pampando wa ndalema umene amakhalapo abusa okha. Mkulu wa mpingo anakonza kukhosi kuti ayambe mawu ake.

Malita anaimirira asanayambe. Mawondo anawakumbukira tsopano, anagwada pang'ono.

"Pepani, makolo anga, ndisanalandire ulemu wonsewu. Mpikisano uja sindinamalize. Ndinakhala pansi pa njira."

Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Amayi anadzuka pamphasa, nadzikonza chitenje.

"Tikudziwa, mwanawe. Ananena pa wailesi Lolemba lomwelo, mudzi wonse unamva. Nyimboyi tinaiphunzira titamva kale." Kenako anandiloza ndi chibwano. "Ife timangomuyang'ana mchimwene wakoyu kuti atinamiza mpaka liti. Tsiku lililonse akuti zayenda bwino, akupereka moni."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete, ndipo mkulu wa mpingo ndiye anaseka kwambiri. Malita anaima pakamwa pali yasa, akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Amayi anamukokera pachifuwa, namugwira m'masaya ndi manja onse awiri monga ankachitira akachokera kusukulu.

"Waonda," anatero. "Khala pansi udye. Zothamangazo tikamba ukanenepa."